Funsani Tikuyankheni: Kujambula Mbalame, Nyama ndi Malo a Kwathu

Makalata ambiri amene tinalandira mwezi uno akukhudza kujambula zithunzi za zachilengedwe. Ena tawafupikitsa chifukwa cha kuchepa kwa malo, ndipo mayina a olemba tawasiya monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wa ku Mchinji ndipo ndimakonda mbalame kwambiri, koma ndilibe kamera. Ndikajambula ndi foni, mbalame imangooneka kadontho, ndipo ndikakoka zoom chithunzi chonse chimangoti mbuu. Kodi ndidikire mpaka nditapeza ndalama zogulira kamera yaikulu?

YANKHO: Achimwene, musadikire. Kamera ya lenzi yaitali ndi yodula, ndipo munthu amene amati adzayamba akadzaigula, zaka zimamuthera mbalamezo asanazidziwe n'komwe. Gwero la vuto lanu ndi losavuta kulimvetsa. Mafoni ambiri ali ndi lenzi yotenga malo aakulu, yopangidwira kujambula anthu ndi nyumba, ndipo zoom yake siyandikitsa chinthu kwenikweni, koma imangodula m'mbali mwa chithunzi n'kutambasula kachigawo kapakati kotsalako. N'chifukwa chake nthenga ndi maso a mbalame zimafufutika. Mankhwala ake ndi kuchepetsa mtunda umene uli pakati pa inu ndi mbalameyo, ndipo popeza mbalame yothamangitsidwa imathawa, chanzeru n'kuchititsa kuti iyo ibwere yokha pamene muli.

M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, madambo atauma, ikani phale la madzi pamthunzi, pafupi ndi chitsamba chimene mbalame zingathawiremo zikaona kabawi, koma osati pamene mphaka angabisale. Madziwo muzisintha tsiku ndi tsiku kuti udzudzu usaswanemo. Masiku oyambirira musajambule chilichonse. Muzingokhala pansi chapatali pa nthawi yomweyomweyo m'mawa uliwonse, mutavala zovala zosawala, osalankhula ndiponso osaloza ndi chala. Kawirikawiri apumbwa ndiwo amayamba kubwera, kenako mpheta ndi njiwa. Pakatha masabata angapo mudzakhala mutadziwa nthambi imene pumbwa amayamba waterapo asanatsikire kumadzi, mbali imene amachokera, ndi kalirimo kake akaona choopsa. Pamenepo mungaimike foni pamwala pafupi ndi phalelo, n'kutchera vidiyo, inu n'kubwerera pamalo anu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe lenzi imene ingalowe m'malo mwa kudekhako.

Palinso zamoyo zimene foni imazijambula bwino kwambiri chifukwa zimalola kuyandikiridwa. Agulugufe ndi atombolombo amakhala ofooka m'mamawa kukadali kozizira, popeza matupi awo amadalira dzuwa kuti atenthedwe, ndipo nthawi imeneyo mungawafike pafupi kwambiri. Tombolombo ali ndi khalidwe lobwerera pa kamtengo komwe anachoka, choncho akauluka musamutsatire, ingolozani foni pa kamtengoko n'kudikira. Gogodani pasikirini pamene pali diso la kanyamako kuti foni ione bwino pamenepo, ndipo ngati chithunzi chikuwala mopitirira, tsitsani pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kamene kamaoneka pambali. Tsikirani pansi kuti diso la foni lilingane ndi diso la kanyamako, chifukwa chithunzi chojambulidwa munthu ataimirira chimaonetsa msana ndi dothi lokha. Mukapeza wokubwerekani magalasi oonera patali, gunditsani lenzi ya foni pa diso limodzi la magalasiwo, zigongono mutazitsamiritsa pa chinthu cholimba. Poyamba zimavuta, koma zikazolowereka mbalame ya pamwamba pa mkuyu imaoneka mokwanira kuizindikira mtundu wake. Ndipo musaiwale kupukuta lenzi, chifukwa zithunzi zambiri zimene anthu amaimba nazo mlandu foni zimaonongedwa ndi thukuta la m'thumba.

FUNSO: Ndine mayi wogwira ntchito mu ofesi ku Blantyre, ndipo ndimakhala ku Chilomoni. Ndimasirira zithunzi za njovu ndi mikango pa Facebook, koma ndalama ndi nthawi yopitira ku Majete kapena ku Liwonde ndilibe. M'tauni muno muli chiyani choti munthu n'kujambula?

YANKHO: Mayi, inu muli pabwino kuposa ambiri, chifukwa phiri la Michiru lili kuseri kwa nyumba yanu, ndipo kumeneko kukadali mbalame, anyani ndi mitengo yachilengedwe imene yapulumuka ku nkhwangwa. Komabe ngakhale osakwera phiri, zamoyo m'tauni zilimo. Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo yambiri mwa imeneyi sidziwa malire a malo osungirako nyama. Dzinja likayandikira, atchete aamuna amasanduka achikasu n'kuyamba kuluka zisa kunsonga za nthambi, ndipo munthu wokhala pansi pa mtengo umodzi kwa theka la ola amaona yaikazi ikubwera kudzayendera chisa, nthawi zina n'kuchikana. Anamzeze ena amene amadzaza mawaya a magetsi kuyambira cha mu Novembala amakhala atachokera ku Ulaya, ndipo amabwerera cha mu Malichi kapena Epulo. Choso amabwera pa maluwa a pakhomo, gulo amagwedeza mutu pa mpanda wa njerwa, ndipo nalimata amasaka pafupi ndi babu usiku uliwonse.

Ntchito imene tingakulimbikitseni kwambiri ndi iyi: sankhani malo amodzi amene mumadutsapo popita kuntchito, pamene phiri kapena mtengo umodzi waukulu umaoneka bwino, ndipo muzijambula mutaima pomwepo kamodzi mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu. Chithunzi chimodzi pachokha chidzaoneka chachabechabe, koma zonse khumi ndi ziwiri zikaikidwa pamodzi zidzakuonetsani zimene maso amaiwala: udzu ukuuma, lupsa likuda, mitengo ya mombo ikutulutsa masamba ofiira mvula isanabwere, ndi chifunga cha chiperoni chikuphimba nsonga ya phiri mu Juni ndi Julaye. Mukapitiriza zaka zingapo, zithunzizo zimasanduka umboni. Achikulire a mumzinda wanu amasimba kuti phiri la Ndirande linali ndi nkhalango, koma achinyamata ambiri amavutika kukhulupirira chifukwa sanaone ndi maso. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe, ndipo aliyense amene anali ndi zithunzi za phirilo za zaka zam'mbuyo anali ndi chinthu chimene palibe angachijambulenso. Zithunzi za mikango zilipo zambirimbiri padziko lapansi, pamene mbiri ya mtsinje wa Mudi kapena ya mtengo wa pamphambano ya kwanu mwina palibe wina amene akuisunga.

FUNSO: Chaka chatha ndinapita ku Liwonde ndi amalume anga, ndipo tinakwera boti pa Shire. Ndinajambula zithunzi mazanamazana. Pobwerera amalume anandiuza kuti ine sindinaone kanthu, chifukwa ulendo wonse maso anga anali pa kamera. Mawuwo anandipweteka, koma ndikayesa kukumbukira ulendowo ndimakumbukira zochepa. Kodi kujambula kumamuyandikizitsa munthu ku chilengedwe kapena kumamutalikitsa?

YANKHO: Bambo, amalume anu ananena zoona za tsiku limenelo, ngakhale kuti mawu awo sagwira aliyense wonyamula kamera. Kamera imatha kuchita zonse ziwiri, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi nthawi imene munthu amaikweza. Amene amaikweza nyama ikangooneka amakhala akutolera umboni woti anafikako, ndipo mtima wake umathamangira ku chithunzi chotsatira chino chisanathe. Amene amayamba wayang'ana, n'kudzifunsa kuti nyamayi ikuchita chiyani ndipo ichita chiyani posachedwa, kamera imamukakamiza kuonetsetsa kuposa mlendo wongodutsa, chifukwa chithunzi chabwino cha nyama chimajambulidwa ndi munthu amene anadziwiratu chimene chichitike.

Tiyeni titenge zitsanzo za pa Shire pomwepo. Nkhwazi ikamalira imaponya mutu wake kumbuyo, ndipo kawirikawiri inzake imayankha. Wodziwa zimenezi akamva kulira koyamba amaloza kamera pa yachiwiriyo. Mbalame zikuluzikulu zimakonda kunyamuka zitayang'ana kumene kukuchokera mphepo, choncho wojambula amene wamva mphepo pa tsaya lake amadziwa mbali imene asiye mpata m'chithunzi. Mvuu ikayasamula kwambiri sikuti ili ndi tulo, koma ikuonetsa mano pochenjeza, ndipo woyendetsa boti wanzeru amayamba kutalikira. Njovu zimatsikira kumtsinje dzuwa likatentha m'chilimwe, ndipo imene ikutsogolera gulu la zazikazi ndi ana imakhala yaikazi yaikulu. Ikaima n'kukweza chitamba kununkhiza, gulu lonse limaima. Zonsezi munthu sangaziphunzire diso lili pa sikirini, ndipo operekeza alendo m'malo amenewa amazidziwa bwino, kungoti alendo ambiri amawafunsa funso limodzi lokha, loti mkango uli kuti.

Kudziwa mbiri ya malo kumasinthanso kaonedwe. Liwonde si wamkulu kwambiri, ndi malo a masikweya kilomita 548, ozunguliridwa ndi midzi. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mu 2015 mogwirizana ndi Boma, litayamba kale ku Majete mu 2003, ndipo linapeza misampha ya waya yambirimbiri m'tchire. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Akakwiyo, amphaka aakulu amawangamawanga othamanga koposa aja, anabwezeretsedwa ku Liwonde mu 2017, mikango mu 2018. Munthu wodziwa zimenezi akaona njovu yaikulu yodukako chitamba amazindikira kuti mwina ndi chipsera cha msampha, ndipo chithunzi chake chimakhala ndi nkhani, osati maonekedwe okha. Amakumbukiranso kuti kuseri kwa mpanda wa magetsi kuli mlimi amene njovu yomweyo ingamuthere chimanga usiku umodzi, mfundo imene zithunzi zokopa alendo sizimaionetsa.

Ulendo wina mudzayese kuchita motere. Nyama ikaoneka, kamera ikhale pamiyendo kwa kanthawi, ndipo muyambe mwamva fungo la matope, phokoso la mvuu, ndi kumene dzuwa lili. Mudziikire malire a zithunzi, monga ankachitira ojambula akale amene filimu yawo inkatha pa zithunzi 24 kapena 36, chifukwa munthu wa zithunzi zowerengeka amaganiza asanadine. Musamayang'ane chithunzi chilichonse mukangojambula, popeza nthawi imene mwaweramira pa sikirini ndi imene nkhwazi imagwira nsomba. Madzulo lembani m'kabuku zimene munaona koma simunathe kujambula. Ndipo amalumewo mudzawatengenso, muwafunse mayina a mitengo ndi a mbalame m'chinenero chawo, ndi zimene makolo ankanena za nantchengwa ndi chisa chake chachikulu chija. Iwo adzakhala maso anu pamene inu mukutchera kamera.

FUNSO: Ndinagula kachikwama kotetezera foni kumadzi ndipo ndinayesa kujambula nsomba ku Cape Maclear. Ndi maso nsombazo zinali zokongola, zamitundumitundu, koma m'zithunzi zonse zinatuluka zobiriwira mofiirira ndi zosaoneka bwino. Ndinalakwitsa pati? Ndine wophunzira wa ku Mangochi.

YANKHO: Cholakwa chachikulu ndi cha madzi, osati chanu. Madzi amameza kuwala, ndipo mtundu wofiira ndiwo umayamba kutha, moti pakuya kwa mamita ochepa okha zinthu zofiira ndi zachikasu zimayamba kuzilala, n'kutsala mtundu wa mtambo ndi wobiriwira. Kuonjezera apo, tizinyalala toyandama timene tili pakati pa inu ndi nsomba timachititsa chithunzi kukhala cha mbuu. Choncho lamulo la pansi pa madzi ndi losiyana ndi la kumtunda. Kumtunda timapewa dzuwa la masana, koma m'madzi nthawi yabwino ndi imene dzuwa lili pamutu, kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka cha m'ma 2 koloko, ndipo mujambule pamalo osaya, nsomba ili pafupi kwambiri, dzuwa lili kumsana kwanu. Musayatse fulashi ya foni, chifukwa imangowalitsa tizinyalalato. Nyengo nayo ndi yofunika: mwera ukaomba m'miyezi yozizira nyanja imavunduka, ndipo m'dzinja mitsinje imabweretsa matope, choncho masiku a bata a pakati pa Seputembala ndi Novembala ndiwo amathandiza.

Nsomba munaonazo ndi mbuna, zimene zimakhala m'miyala ndipo zimadya ndere za pamiyalapo. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba mazana ambiri, kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Ichi ndicho chifukwa chake malo otetezedwa a kumeneko, amene anakhazikitsidwa mu 1980, analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kwambiri padziko lonse mu 1984. Mbuna yaimuna imateteza kamalo kake, ndipo ikathamangitsa inzake imabwerera pa mwala womwewo, kotero mukagwira mwala n'kukhala phee pa Otter Point kapena pa chilumba cha Thumbi, idzabwera yokha patsogolo pa foni. Mukaonetsetsa mungaone yaikazi yotupa kukhosi, imene yasunga mazira kapena ana m'kamwa. Anthu ena amamwaza buledi kuti nsomba ziunjikane. Ife sitilimbikitsa zimenezi, chifukwa buledi si chakudya chake, ndipo chithunzi chotere chimaonetsa chipwirikiti m'malo mwa moyo weniweni wa nsombazo. Kachikwamako muzikayesa kaye mutaikamo pepala louma musanaikemo foni, ndipo ngati kusambira simukudziwa bwino, valani jekete yoyandamitsa.

FUNSO: Tikukonza ulendo wa banja wopita ku Nyika. Ndi mwezi uti umene tingapeze zithunzi zabwino? Ndife a ku Mzuzu.

YANKHO: Zikudalira chimene mukufuna. Ngati ndi maluwa, pitani m'dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale, pamene udzu wa m'mapirimo umakhala wobiriwira ndipo maluwa a orchid, amene kumeneko alipo mitundu yoposa 200, amakhala atamasula; koma msewu wochokera ku Rumphi umavuta nthawi imeneyo ndipo umafuna galimoto yamphamvu. Ngati mukufuna kuona kutali, miyezi ya Meyi ndi Juni ndi yabwino chifukwa mvula imakhala itatsuka mlengalenga, ngakhale kuti ku Chelinda kumazizira mpaka madzi kuundana pa udzu usiku wina, ndipo kuzizira kumathetsa batire msanga, choncho yapadera muziisunga m'thumba la mkati. Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri akutali, koma mbidzi, nchefu ndi chilembwe zimaoneka mosavuta pa msipu wophuka pa lupsa. Mwezi uliwonse umene mungasankhe, dzukani kusanache. Kuno kwathu dzuwa limakwera mofulumira, ndipo kuwala kofewa kwa m'mawa sikukhalitsa kupitirira ola limodzi.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Ntcheu, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe. Nditauza ana kuti tizijambula zamoyo ndi foni yanga, anayamba kubweretsa tiana ta mbalame tochotsa m'zisa, ndipo wina anabwera ndi bilimankhwe atamumanga ulusi. Cholinga chawo n'chabwino, koma ndikuona kuti ndayambitsa vuto. Ndiwauze chiyani?

YANKHO: Aphunzitsi, mwachita bwino kuliona vutoli msanga. Auzeni lamulo limodzi lomveka, lakuti chamoyo chimajambulidwa pamene chapezeka, ndipo chobwera nacho m'manja sichijambulidwa ngakhale chikongole bwanji. Mwana amene wapeza chisa kapena bilimankhwe abwere adzakuitaneni, ndipo dzina lake lilembedwe pansi pa chithunzicho monga wochipeza. Mudzaona kuti ulemu umenewo udzawakopa kuposa kugwira. Afotokozereninso zifukwa. Kamwana ka mbalame kamafuna kudyetsedwa pafupipafupi ndi kufunditsidwa, ndipo kakachoka m'chisa kwa maola ochepa kamafooka. Ngakhale kungoima nthawi yaitali pafupi ndi chisa kumalepheretsa makolo kubwera, ndipo kuthyola masamba ophimba chisa kuti chioneke bwino kumachionetsa kwa akhwangwala ndi njoka. Bilimankhwe akada thupi n'kutsegula kukamwa amakhala ali ndi mantha, ndipo munthu wodziwa akaona chithunzi chotere amazindikira nthawi yomweyo kuti kanyamako kanazunzidwa. Mpata umenewu mungaugwiritsenso ntchito powauza ana kuti bilimankhwe alibe ululu, ndiponso kuti m'mapiri a ku Nsanje muli mtundu wina waung'ono kwambiri wa bilimankhwe, wosapezeka kwina kulikonse padziko, umene asayansi ankaopa kuti unatha chifukwa cha kudulidwa kwa nkhalango mpaka pamene anaupezanso mu 2016.

Nkhani ya chilungamo pojambula si ya ana okha. Mpikisano wotchuka wa Wildlife Photographer of the Year, umene umayendetsedwa ndi Natural History Museum ku London, unalanda mphoto yaikulu mu 2010 oweruza atatsimikiza kuti mmbulu wa m'chithunzi chopambana unali woweta, ndipo mu 2018 unachotsanso chithunzi china atapeza kuti nyama yake inali yakufa kale, youmikidwa. Ngati akatswiri amagwa m'mayesero otere, ana anu akufunika kuphunzitsidwa adakali aang'ono kuti kunena zoona za mmene chithunzi chinajambulidwira ndi mbali ya luso lomwelo.

Pali chenjezo lina limene likukhudza inuyo monga mwini foni. Mafoni ambiri amalemba mkati mwa chithunzi malo enieni amene chinajambulidwira, ndipo wodziwa angathe kuwawerenga. Pa gulugufe zimenezi zilibe vuto, koma pa ngaka, pa chipembere, pa chisa cha kadzidzi kapena pa maluwa a orchid amene mizu yake imakumbidwa popanga chikande, kuulula malo n'kuitana opha ndi okumba. Zimitsani mbali imeneyo ya kamera mukamajambula zoterezi, ndipo musalembe dzina la mudzi poika chithunzi pa intaneti. Mwana akapeza ngaka, musaitenge kupita nayo kusukulu. Dziwitsani a nthambi yoona za malo osungirako nyama zakutchire, chifukwa lamulo la zanyama limene linakhwimitsidwa mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri. Pa za zipangizo zophunzitsira, lumikizanani ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947 ndipo lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a m'sukulu kwa zaka zambiri.

FUNSO: Mphwanga wa ku Johannesburg wanditumizira drone, kandege kakang'ono ka kamera kowongoleredwa munthu ali pansi. Kodi ndingapite nayo ku Majete kukajambula njovu kuchokera m'mwamba?

YANKHO: Musanyamuke nayo musanapeze chilolezo cha oyang'anira malowo ndiponso cha akuluakulu oona za maulendo a pandege. Njovu zimadana ndi phokoso lake, lomwe limafanana ndi la njuchi, moti m'madera ena amagwiritsa ntchito drone pothamangitsa njovu m'minda. Gulu la njovu lodzidzimuka, lokhala ndi ana, lingavulaze anthu amene sanadziwe n'komwe kuti inu mukujambula.

FUNSO: Ndili ndi zithunzi zambiri za mbalame, maluwa ndi bowa zimene ndinajambula ku Zomba, makamaka cha ku Mulunguzi ndi ku Chingwe's Hole, koma zambiri sindidziwa mayina ake, ndipo zimangokhala mufoni. Ndingatani nazo kuti zikhale zaphindu? Komanso china chimene ndinatumiza pa WhatsApp ndinachipeza chili pa kalendala ya sitolo ina popanda dzina langa.

YANKHO: Achemwali, yambani ndi mayina. Funsani achikulire a m'munsi mwa phirimo, makamaka amayi ozula bowa ndi abambo ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera phiri, chifukwa iwo amadziwa dzina, nyengo yake ndi mtengo umene bowa aliyense amamera pansi pake. Dzina limenelo mulilembe pamodzi ndi tsiku ndi malo. Kenako mungaike zithunzizo pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist, pamene akatswiri ndi anthu ena okonda zachilengedwe amathandizana kuzindikira mitundu ya zamoyo, ndipo za mbalame mungalembe pa eBird, imene inayambitsidwa mu 2002 ndipo imayendetsedwa ndi Cornell Lab of Ornithology ku America. Zolembedwa zochokera kuno n'zochepa poyerekeza ndi za ku Ulaya kapena ku South Africa, choncho ngakhale chithunzi chosakongola, bola chamoyocho chikuzindikirika, chimathandiza ofufuza kudziwa kumene mtundu uliwonse ukupezeka ndi mwezi umene umaoneka. Pojambula bowa, tengani chithunzi cha pamwamba, cha kunsi kwa chipewa chake ndi cha tsinde lonse; pojambula mtengo, tengani tsamba, khungwa ndi duwa kapena chipatso. Koma musadye bowa chifukwa chakuti foni yakuuzani dzina lake, popeza wakupha ndi wodyedwa amatha kufanana kwambiri m'chithunzi.

Pa nkhani ya kalendala, chithunzi ndi cha amene anachijambula, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi monga limatetezera nyimbo ndi mabuku. Chimene chidzakuthandizeni ndi chithunzi choyambirira chimene chili mufoni mwanu, chifukwa chimakhala chachikulu ndipo chili ndi tsiku ndi mtundu wa foni, pamene chodutsa pa WhatsApp chimakhala chitachepetsedwa. Musachifufute, ndipo musunge china pa kompyuta kapena pa memori khadi yapadera. Alembereni eni sitoloyo kalata yaulemu yofotokoza kuti chithunzicho n'chanu ndi chimene mukufuna, kaya ndi malipiro kapena kulembedwa dzina, ndipo ngati sakuyankhani, kafunseni uphungu ku bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito zaluso, mutatenga kalendalayo ndi foni yanu.